Kusankha pulogalamu yokonzera kanema wa pakhomo: yambani ndi amene adzaonere

Chinkhoswe chatha, matenti apasulidwa, mipando yabwezedwa kutchalitchi. Zatsala ndi zojambulajambula: zina zili mu foni yanu, zina mu foni ya alamu, zina kwa mwana wa achimwene amene anajambula perekaniperekani yense osapumira. Azakhali a ku Johannesburg nawo akungofunsa pa gulu la banja la WhatsApp m'mawa uliwonse kuti kanema uja ali kuti. Poti inu ndi amene mumadziwika kuti mumagwiragwira kompyuta, ntchito yagwera inu.

Apa ambiri amafunsa kuti pulogalamu yabwino kuposa zonse ndi iti. Funsoli ndimalimvetsa, koma limasocheretsa. Pulogalamu imene amagwiritsa ntchito okonza mafilimu akuluakulu ikhoza kukanika ngakhale kutseguka pa laputopu yanu, pamene kapulogalamu kakang'ono ka pa foni kangathe kumaliza ntchito yonse musanagone. Yoyenera inu ndi imene makina anu angaikwanitse, ndipo imatulutsa kanema amene abale angathe kumuonera pa chimene ali nacho.

Ine ndinazidziwa izi pa kanema wa chinkhoswe cha mphwanga. Ndinagwira madzulo anayi, ndikudula, kulumikiza, kulemba mayina a ankhoswe. Ndinamuika mu fulashi n'kupita naye kwa amayi, abale atadzaza pabalaza. TV inaonetsa dzina la fayilo, koma kuti itsegule, ayi. Kadulidwe kanalibe vuto, cholakwika chinali mtundu wa fayilo umene ndinasankha potulutsa. Amayi anangoti, "Basi mwanawe, tidzaonera tsiku lina," koma agogo anabwerera kumudzi m'mawa mwake osaona. Zinandiwawa, ndipo kuyambira pamenepo ndimayambira kumapeto.

Gawo loyamba: kanemayu adzaoneredwa pa chiyani?

Funso ili muliyankhe musanatsitse pulogalamu iliyonse. Ngati abale adzaonera pa TV kapena pa laputopu, kanema akhale wopingasa, wa 16:9. Ngati ndi wa pa status, TikTok kapena Reels, akhale woimirira, wa 9:16. Zojambula za m'banja zimabwera zosakanikirana, wina anagwira foni choimika, wina chogoneka, choncho sankhani mawonekedwe amodzi malinga ndi oonera, osati malinga ndi amene anajambula zambiri.

Ganizaninso za utali. Mwambo wa maola asanu sufunika kanema wa maola asanu. Nthawi zambiri banja limafuna makanema awiri: wamfupi wa mphindi zitatu kapena zisanu wotumiza pa foni, ndi wautali wa mphindi 20 kapena 30 wokhala ndi malangizo a ankhoswe, pemphero ndi zolankhula, woti asungidwe. Wamfupiyo foni ingathe. Wautaliyo amavuta pa foni, chifukwa sikirini ndi yaing'ono, malo amatha msanga, ndipo foni imatentha ikamatulutsa.

Gawo lachiwiri: dziwani mphamvu ya makina anu

Pa laputopu ya Windows, dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, mutsegule Task Manager, mupite pa Performance. Pamenepo muona zinthu zitatu. Choyamba ndi Memory, imene ambiri amaitchula RAM, malo amene makina amagwiriramo ntchito pa nthawiyo. Chachiwiri ndi disiki, ngati ndi SSD, yothamanga, kapena HDD, yakale yochedwerapo. Chachitatu ndi GPU, chipangizo choyendetsa zithunzi.

Eni ake a Shotcut, imodzi mwa mapulogalamu opepukirapo, amati pafunika RAM ya 4 GB pa kanema wamba wakale, 8 GB pa HD (kanema wowala bwino wa 720p kapena 1080p) ndi 16 GB pa 4K (wowala kuposa pamenepo). Manambala amenewa ndi muyeso wabwino ngakhale pa mapulogalamu ena. Malaputopu ambiri a kaunjika amene timagula amabwera ndi 4 GB kapena 8 GB. Wa 8 GB ndi SSD akwanira bwinobwino pa kanema wa banja. Wa 4 GB ndi HDD agwira, koma mofuna kudekha, ndipo mwina foni yanu ndi yamphamvu kuposa iye. Musachite manyazi kukonzera pa foni ngati zili choncho.

Onaninso malo otsala. Foni ikamajambula pa 1080p imadya pakati pa 60 MB ndi 130 MB pa mphindi imodzi, malinga ndi mtundu wa fayilo, ndipo 4K imadya kuwirikiza pafupifupi katatu. Zojambula za ola limodzi zingafike 8 GB. Pulogalamu nayo imafuna malo opumira, ndiye siyani malo owirikiza kawiri kukula kwa zojambula zanu.

Gawo lachitatu: lembani zimene mukufunadi kuchita

Tengani pepala. Pa kanema wa chinkhoswe, wa tsiku lobadwa, wa kwaya kapena wa mwana amene wamaliza maphunziro, ntchito zake ndi zomwezomwezi: kudula zosafunika, kusanja tizidutswa motsatira nthawi, kuika zithunzi pakati, kulemba mayina ndi tsiku, kukweza mawu a wolankhula motsitsa, kuika nyimbo pansipansi, ndi kutulutsa fayilo. Ndi zomwezo basi. Pulogalamu iliyonse imene nditchule m'gawo lotsatirali imachita zimenezi, kupatula zodulira chabe. Choncho musakopeke ndi zokongoletsa zambirimbiri zimene amaonetsa potsatsa malonda. Zimene zimasiyanitsa mapulogalamu pa ntchito ya pakhomo ndi izi: kulemera kwake pa makina, ngati imafuna intaneti nthawi zonse, ngati imadinda chidindo chake pa kanema wanu, ndi ngati idzakupemphani ndalama pa mphindi yomaliza.

Gawo lachinayi: mapulogalamu ake

Ndiyambe ndi imene anthu ochepa amaidziwa. Ngati ntchito yanu ndi kungochotsa mutu ndi mchira, mwachitsanzo munajambula ulaliki kapena kwaya n'kufuna kuchotsa mphindi khumi zoyambirira pamene anthu ankakhala pansi, tengani LosslessCut. Ndi yaulere, ndipo imadula fayilo popanda kuiumbanso, choncho kanema wa ola limodzi imamumaliza m'kanthawi kochepa ngakhale pa laputopu yofooka, zithunzi osatsika ukoma. Kuipa kwake n'kwakuti simungalembe mawu kapena kuika nyimbo mokongoletsa, ndipo podula imatha kuphonya ndi sekondi imodzi kapena ziwiri. Pa foni, Google Photos kapena gallery ya foniyo imadula mutu ndi mchira popanda kutsitsa china chilichonse.

Pa foni, dzina limene aliyense amatchula ndi CapCut, ya kampani ya ByteDance, eni ake a TikTok. N'zoona kuti ndi yosavuta: mwana wa sekondale amaizolowera madzulo amodzi. Koma muzisamala ndi chilichonse cholembedwa Pro. Mukaika chokongoletsa chimodzi chokha cha Pro, pofika potulutsa idzakuuzani kuti mulipire kapena muchichotse, ndipo kusaka kachinthu kamodzi pakati pa tizidutswa 40 ndi ntchito yotopetsa. Kachidutswa ka chizindikiro chake kamene kamadziika kumapeto mungathe kukafufuta. Zokongoletsa zambiri imachita kuzitsitsa pa intaneti, ndiye bandulo imatha mosadziwika. InShot ndi VN nazo ndi zabwino pa makanema aafupi. KineMaster yaulere imaika chidindo chake pakona, ndiye dziwiranitu zimenezo musanayambe. Amene muli ndi iPhone kapena Mac muli kale ndi iMovie ya Apple, yaulere, yopanda chidindo, ndipo sindikuona chifukwa chosakira ina pa ntchito ya banja.

Pa Windows 11 pamabwera Clipchamp, imene Microsoft inagula mu 2021. Imatulutsa mpaka 1080p kwaulere ndipo maonekedwe ake ndi osaopsa kwa woyamba kumene. Vuto lake kwa ife ndi limodzi, koma lalikulu: imafuna akaunti ya Microsoft ndi intaneti. Ngati muli ndi Wi-Fi yodalirika, iyeseni. Ngati mumadalira hotspot ya foni ndi bandulo yowerengera, ganizani kawiri.

Imene ine ndimapangira anthu ambiri a laputopu ndi Shotcut. Ndi yaulere kotheratu, ilibe chidindo, ilibe akaunti, ilibe gawo lolipira lobisika, ndipo mukangoitsitsa kamodzi siifunanso intaneti. Imayenda pa Windows, Mac ndi Linux. Ndi yaing'ono potsitsa poyerekeza ndi zikuluzikulu za akatswiri, ndipo ili ndi mtundu woti mungauike mu fulashi n'kupatsako mnzanu mwalamulo. Siikongola m'maso, ndipo tsiku loyamba mudzasowa kumene kuli zinthu, chifukwa pafupifupi chilichonse, kaya kulemba mawu kaya kukweza phokoso, chili pansi pa Filters. Mukangodziwa chinsinsi chimenecho, zotsalazo zimayenda. Kdenlive ndi mbale wake, yaulere chimodzimodzi, yokhala ndi zambiri pang'ono. OpenShot ndi yosavuta kuposa ziwirizi poyamba, koma kwa ine imalemedwa msanga tizidutswa tikachuluka.

Ndiye pali DaVinci Resolve ya kampani ya Blackmagic Design ya ku Australia. Anthu pa YouTube amaiyamikira kwambiri, ndipo sanama: ndi pulogalamu ya akatswiri, yaulere, yopanda chidindo pa ntchito wamba, ndipo pokonza mitundu ya zithunzi ndi katswiri. Koma pa Windows imafuna RAM ya 16 GB ndi GPU yamphamvu, ndipo kuitsitsa kokha ndi ma GB angapo. Pa laputopu ya 4 GB kapena 8 GB yopanda GPU yapadera, mudzangotaya data ndi nthawi. Ngati makina anu ndi amphamvu ndipo mukulingalira zoti tsiku lina muzidzajambula maukwati ngati bizinesi, iphunzireni. Ngati cholinga ndi kanema mmodzi wa agogo, ilekeni kaye.

Adobe Premiere Pro ndi yolipira mwezi ndi mwezi, ndalama zakunja. Pa kanema wa banja palibe chimene ingakupatseni chimene zaulerezi zikulephera. Filmora imaoneka yokoma ndi yosavuta, koma yaulere yake imadinda chidindo pa kanema yense.

Ndikati ndifupikitse: kanema wamfupi wa pa foni, CapCut, VN kapena InShot; wa Apple, iMovie; laputopu wamba yopanda intaneti yodalirika, Shotcut; makina amphamvu ndi mtima wofuna kuphunzira, DaVinci Resolve.

Gawo lachisanu: tengani kwa eni ake

Pa foni, Play Store kapena App Store basi. Pa kompyuta, tsamba la eni pulogalamuyo kapena Microsoft Store. Mukasaka pa Google, onetsetsani dzina la tsamba musanadine, chifukwa zotsatsa zimene zimakhala pamwamba si nthawi zonse zimakhala za eni ake.

Ndikudziwa kuti anyamata oika nyimbo m'mafoni ndi m'mafulashi pamsika angakupatseni Premiere kapena CapCut Pro "yotsegula kale" pa mtengo wochepa. Chikomekome cha nkuyu, mkati muli nyerere. Mapulogalamu othyoledwa ndi njira imene mavairasi ambiri amalowera m'makina, ndipo laputopu imeneyo ndi yomwe mumatsegulirapo imelo, Facebook, mwinanso akaunti ya kubanki. Poti zaulere zabwino zilipo, palibe chifukwa choikira moyo wa makina anu pachiswe. Chimodzimodzinso Windows Movie Maker imene ambiri tinaphunzirirapo: Microsoft inasiya kuipereka mu January 2017, ndipo masamba amene akuti akuipereka lero si a Microsoft. Ena mwa iwo amakupatsani pulogalamu ina yobvala dzina lomwelo, yomwe imadzafuna ndalama potulutsa.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: mayeso a mphindi imodzi

Ili ndiye gawo limene ndikufuna mulisunge kuposa onse. Musanathere madzulo anu pa pulogalamu iliyonse, iyeseni kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto ndi kanema wa mphindi imodzi. Osati kungoitsegula n'kuyang'ana mabatani, koma kufika mpaka pa TV ya amayi kapena pa foni ya azakhali.

Pangani foda imodzi, muipatse dzina la mwambowo ndi chaka. Koperani mmenemo zojambula zonse. Pozitenga kwa abale, musalole kuti azitumize pa WhatsApp ngati vidiyo wamba, chifukwa WhatsApp imazifinya ndipo ukoma umene watayika subwerera. Azitumize ngati Document, imene imalola fayilo mpaka 2 GB, kapena mukumane mugwiritse ntchito chingwe, memori khadi kapena Quick Share (njira yotumizirana mafayilo mafoni ali pafupi), zimene sizidya data.

Kenako sankhani tizidutswa titatu tochokera m'mafoni atatu osiyana. Izi n'zofunika, chifukwa mavuto amabisala pa kusiyana kwa mafoni. Onetsetsani kuti kamodzi kali ndi munthu amene akulankhula nkhope ikuoneka. Tiikeni pa mzere wa pansi uja wotchedwa timeline. Dulani kamodzi pakati n'kutaya mbali ina. Mu Shotcut, batani la S limadula pamene mwaima, la X limachotsa kachidutswa n'kutseka mpata wake, ndipo Space imayendetsa ndi kuimitsa. Lembani dzina pa kachidutswa koyamba. Mu Shotcut ndi filter yotchedwa Text: Simple. Ikani nyimbo pansi n'kuitsitsa mpaka wolankhula azimveka. Sungani, tsekani pulogalamu, itseguleninso muone ngati zonse zili m'malo. Ndiye tulutsani fayilo.

Tsopano yang'anani zinthu izi mosathamanga. Kodi pamene mumaonera mkati mwa pulogalamu kanema amayenda, kapena amadumphadumpha? Kodi potulutsa yakufunsani ndalama kapena akaunti? Kodi pakona kapena pakati pali chidindo? Mphindi imodzi ija yatenga nthawi yaitali bwanji kutuluka? Ngati yatenga mphindi zisanu, ndiye kuti kanema wa mphindi 30 adzatenga maola awiri ndi theka, ndipo muyenera kudzifunsa ngati batire ndi magetsi zingafike. Kodi milomo ya wolankhula ikugwirizana ndi mawu? Pomaliza, ikani fayiloyo mu fulashi mukaiyese pa TV yeniyeni imene idzagwiritsidwe ntchito, ndipo itumizeni kwa m'bale mmodzi aitsegule pa foni yake.

Pulogalamu imene yadutsa mayeso amenewa ndiyo yanu. Ikalephera, mwataya theka la ola lokha, osati sabata. Musayese zoposa ziwiri kapena zitatu. Kuyesa kulibe mapeto, ndipo azakhali akudikira.

Mayeso akavuta, musafulumire kuimba mlandu pulogalamu

Mavuto atatu amabwerabwera, ndipo onse ali ndi mankhwala.

Loyamba ndi kudumphadumpha. Kawirikawiri si pulogalamu, ndi kulemera kwa zojambula. Mafoni a iPhone kuyambira 2017, ndi a Android ambiri atsopano, amatha kujambula mu mtundu wotchedwa HEVC kapena H.265, umene umasunga malo koma umalemetsa makina akale. Mankhwala ake ndi proxy: pulogalamu imapanga makope aang'ono opepuka oti muzikonzera, ndipo potulutsa imabwerera ku zojambula zenizeni. Mu Shotcut pitani pa Settings, Proxy, Use Proxy, ndipo pa Preview Scaling musankhe 360p kapena 540p. Chithunzi chidzaoneka chosawala pamene mukukonza, koma kanema womaliza adzatuluka bwino. Ipatseni nthawi ipange makopewo musanayambe kudula.

Lachiwiri ndi mawu kutsalira kapena kutsogola, makamaka pa zojambula zazitali: poyamba zonse zili bwino, koma pofika mphindi ya 15 nkhoswe akutseka pakamwa mawu akubwerabe. Chimachititsa n'chakuti mafoni sasunga chiwerengero chofanana cha zithunzi pa sekondi. Kuwala kukachepa kapena foni ikatentha, chimasintha. Shotcut imatha kuzindikira izi n'kukufunsani ngati mukufuna isinthe fayiloyo ikhale yosavuta kukonza, vomerani. Njira ina ndi HandBrake, pulogalamu yaulere yosinthira mafayilo: tsegulani fayilo, sankhani Fast 1080p30, pa Video musankhe Constant Framerate, mutulutse, ndipo mugwiritse ntchito fayilo yatsopanoyo.

Lachitatu ndi uthenga woti mafayilo akusowa. Dziwani kuti fayilo ya ntchito imene pulogalamu imasunga ilibe kanema mkati. Ndi kakalata chabe konena kuti kachidutswa kakuti kali pakuti, kadulidwe apa ndi apa. Mukasuntha zojambula, kuzisintha dzina, kapena kuzula fulashi imene zinali, kakalatako kamasochera. N'chifukwa chake ndinati foda imodzi, ndipo ikhale mu disiki ya laputopu, osati mu fulashi. Pa foni n'chimodzimodzi: musafufute zojambula mu gallery pofuna malo kanema asanatuluke.

Za magetsi sindinganene zambiri, tonse tikuzidziwa. Dinani Ctrl ndi S mukangomaliza kachidutswa kalikonse, ndipo muzitulutsa kanema wautali laputopu ili pa chaja, batire litadzaza. Kutulutsa kukadukira pakati, kumayambiranso pa chiyambi.

Nyimbo, mawu ndi zilembo zathu

Pa kanema wa banja, mawu ndi ofunika kuposa chithunzi. Chithunzi chogwedezeka anthu amachikhululukira, koma ngati malangizo a agogo sakumveka, kanemayo wataya chimene adzafunidwire zaka 20 zikubwerazi. Choncho posankha pulogalamu, onetsetsani kuti imalola kukweza mawu a kachidutswa kamodzi pakokha ndi kutsitsa nyimbo pamene munthu akulankhula. Ndipo ndikupempheni chinthu chimodzi: musakwirire nthungululu, kuseka ndi nyimbo za amayi ndi nyimbo yojambulidwa. Phokoso la tsikulo ndilo lidzabweretse misozi.

Nyimbo za oimba zili ndi eni ake. Kuno kwathu ufulu wa oimba umayang'aniridwa ndi bungwe la COSOMA. Kanema woonera pabalaza ndi nkhani ina, koma mukamuika pa Facebook kapena YouTube, makina awo amazindikira nyimbo zambiri ndipo angathe kuzimitsa mawu kapena kutsekereza kanemayo. Nyimbo za mkati mwa mapulogalamu a pa foni nazo sikuti zonse n'zololedwa paliponse. YouTube ili ndi Audio Library ya nyimbo zaulere, koma yabwino koposa ndi kwaya kapena ng'oma zimene munajambula nokha pa mwambowo.

Pa zolemba, yesani chilembo cha ŵ ngati m'banja mwanu muli mayina olembedwa nacho kapena mukufuna kulemba Malaŵi motero. Mitundu ina ya zilembo zokongoletsa ilibe chilembochi ndipo imangoika kabokosi. Zida zolemba zokha zimene munthu akulankhula zinapangidwira Chingerezi ndi zilankhulo zina zikuluzikulu, ndiye pa Chichewa musazidalire. Mawu ofunika muwalembe nokha. Mayina a ankhoswe ndi a mafumu muwafunse kwa akuluakulu musanatulutse. Kulakwitsa dzina la mfumu pa kanema amene wafalikira kale pa gulu la banja si nkhani yaing'ono.

Gawo lomaliza: kutulutsa, kutumiza, kusunga

Apa ndi pamene ine ndinagwera. Sankhani MP4, chithunzi chikhale cha H.264, mawu akhale a AAC. Uwu ndi mtundu umene pafupifupi TV, foni ndi kompyuta iliyonse imatsegula. Pulogalamu ikakulonjezani fayilo yaing'ono ndi HEVC, kanani ngati oonera ali ndi zipangizo zakale. Mu Shotcut, Default ya pa Export imatulutsa mtundu woyenerawu popanda kusintha kalikonse. Za 4K zisiyeni. 1080p ndi yokwanira pa TV ya pabalaza.

Kukula kwa fayilo kumadalira nambala yotchedwa bitrate, yosonyeza malo amene sekondi iliyonse ya kanema imadya, yoyezedwa mu Mbps, ndipo masamu ake ndi apafupi. Pa 8 Mbps, imene YouTube imalangiza pa 1080p wamba, mphindi imodzi ndi pafupifupi 60 MB, ndiye kanema wa mphindi 20 ndi 1.2 GB. Ameneyo ndi wa TV ndi wosunga. Wa pa foni mumutulutse payekha pa 720p ndi bitrate ya pafupifupi 2.5 Mbps: mphindi imodzi ndi 20 MB, mphindi zisanu 100 MB. Kumbukirani kuti aliyense wotsitsa akulipira ndi bandulo yake. Ngati pulogalamu yanu siikulolani kusankha manambalawa, tulutsani wamkulu, kenako mumuchepetse ndi HandBrake pa Fast 720p30.

Fulashi nayo ili ndi zake. Ma TV ambiri akale amawerenga fulashi yokonzedwa mu FAT32 yokha, ndipo FAT32 siilandira fayilo imodzi yoposa 4 GB. Kanema akapitirira pamenepo, mugaweni pawiri, mwambo wa kutchalitchi payekha, madyerero payekha. Musachite Format fulashi muli zinthu, zonse zidzafufutika.

Kwa abale akutali, njira yosavuta ya kanema wautali ndi YouTube, mutasankha Unlisted, kuti aone okhawo amene mwawapatsa linki. Akaunti yosatsimikizidwa ndi nambala ya foni imalola mphindi 15 zokha, ndiye itsimikizeni kaye. Koma musanaike paliponse, funsani eni mwambo, makamaka ngati muli ana aang'ono kapena ngati ndi kanema wa maliro kapena wa chiliza. Linki ikatuluka m'manja mwanu, simudziwa kumene ikathere.

Kanema akatuluka, musafufute zojambula zoyambirira. Koperani foda yonse, zojambula, fayilo ya ntchito ndi kanema womaliza, muiike malo awiri osiyana: kope limodzi mu hadi disiki kapena fulashi yanu, lina kwa m'bale wa nyumba ina. Pa fulashiyo matanipo kapepala kolembedwa dzina la mwambo ndi chaka. Kenako tumizani wamfupi uja kwa azakhali, ndipo wautali mupite naye kwa amayi tsiku limodzi abale asanasonkhane, mukamuyese pa TV yawo kuyambira pachiyambi mpaka pothera.